Odi, Kodi a Python Amakhala Pano?

Kuntchito kwathu dzina langa linaiwalika kalekale. Aliyense amangoti "a IT". Pulinta ikameza pepala, a IT. Intaneti ikathawa, a IT. Tsiku lina ketulo itakana kuwiritsa madzi a tiyi, anathamangiranso kwa a IT. Koma chimene chimandidzutsa pampando kawirikawiri ndi mawu atatu a Chingerezi amene amatuluka pa sikirini yakuda ija, imene timalembapo malamulo m'malo modina ndi mausi: "command not found". Anthu amawawerenga ngati uthenga wa maliro. Pulogalamu waika wekha dzulo, bandulo yonse yathera pomwepo, lero kompyuta ikukukanira m'maso muli gwa kuti siinamvepo dzina limenelo. Nazi zina mwa zimene ndaona ndi maso angawa.

Mwana wotumidwa

Mtsikana wina amene anabwera kudzaphunzira ntchito atamaliza koleji anandifunsa tsiku lake lachiwiri: "Achimwene, ndikalemba dzina la pulogalamu, kompyuta imasakasaka paliponse mpaka kuipeza, eti?"

"Paliponse? Achemwali, takhalani pansi."

Ndinamuuza kuti shell, pulogalamu imene imalandira zimene timalemba pa sikirini yakudayo, ili ngati mwana amene mwamutuma kukaitana a Phiri ku Kawale. Mwamupatsa kapepala ka nyumba zisanu. Amayamba ndi nyumba imene ili pamwamba pa kapepalapo. Akangomva kuti "a Phiri ndine", amawagwira dzanja n'kubwera nawo, osafunsa ngati ali a Phiri abusa kapena a Phiri ogulitsa makala. Akagogoda nyumba zonse zisanu osawapeza, amabwerera kudzanena kuti kulibe, ngakhale a Phiri enieniwo atakhala pakhonde la nyumba yoyandikana akumukodola.

Kapepalako dzina lake ndi PATH. Mukalemba echo $PATH pa Linux mumaona mndandanda wa mafoda monga /usr/local/bin, /usr/bin ndi /bin, atalekanitsidwa ndi timadontho tiwiri. Foda yoyamba kuyankha ndiyo yapambana, zotsalazo sizifunsidwanso.

"Ndiye kuti kompyuta ndi yaulesi," anatero mtsikanayo.

"Ndi yomvera."

"Kwathu tili naye mlongo wanga womvera choncho. Amayi amamutchula dzina lina."

Ili pamphuno

Mnyamata wa ku akaunti analemba kapulogalamu kowerengera malipiro, n'kukatcha malipiro. Analowa mu foda momwe anakasunga, analemba ls kuti aone zam'katimo, dzina lija n'kuonekera bwinobwino. Atalemba malipiro, kompyuta inati "command not found". Ndinamupeza ataimirira, chala chili pa sikirini, akukangana nayo mmene timakanganirana ndi kondakitala wokana chenji.

"Iyi apa! Waonetsa wekha! Ndiye ukukana chiyani?"

Foda imene mwaimamo siili pa kapepala ka mwana uja, ndipo amene anakonza makinawa anachita dala. Ikanakhalapo, munthu wa mtima woipa akanatha kusiya kapulogalamu konyenga kotchedwa ls mu foda ya anthu onse, inu n'kukayendetsa osadziwa. Mukafuna chimene chili pamphuno panu, muzilemba ./malipiro. Kadontho kameneko ndi kamene kamauza shell kuti "pompano".

Mnyamatayo anakhala pansi mwakachetechete. Kenako anati, "Ndamva. Zili ngati apongozi. Muli bwalo limodzi, mukuonana, koma simungangowaitana ndi dzina."

Kulonjera chitsa

Sabata yotsatira mnyamata yemweyo analemba kapulogalamu kena koyeserera n'kukatcha test. Analemba test, nadina Enter. Zii. Yankho palibe, dandaulo palibenso. Anawonjezera mzere woti kapulogalamuko kalembe "Moni". Zii. Anasintha kuti kalembe "MONI" wa zilembo zikuluzikulu. Zii. Pofika 4 koloko anali ataikamo mawu amene sindingawabwereze pano chifukwa ana amawerenga nawo, koma nawonso sanatuluke.

Ndinalemba type test. Yankho linati "test is a shell builtin". Dzinalo lili ndi mwini wake kale, wokhala m'kati mwa shell momwemo, ndipo ntchito yake ndi kuyesa ngati chinthu chili choona kapena ayi. Salemba kanthu pa sikirini. Amangosiya nambala, 0 ngati n'zoona, 1 ngati si zoona, imene mumaiona mukalemba echo $?. Tsiku lonse mnyamatayo ankalonjera chitsa, kapulogalamu kake kali phee mu foda, osaitanidwa n'kamodzi komwe.

Ameneyu alinso ndi m'bale wake. Mu /usr/bin muli pulogalamu imene dzina lake ndi chizindikiro chimodzi chokha, [ basi. Ndi test yemweyo, wangovala malaya ena. Mtsikana wophunzira ntchito uja ataipeza anandiuza monyadira kuti watola chinyalala chimene wina anasiya atatsamira kiyibodi, ndipo watsala pang'ono kumaliza kusesa. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti ndikhozabe kudumpha madesiki awiri.

Mapanga awiri

Alamu anga amaphunzira Python madzulo akaweruka. Loweruka lina anatulukira kunyumba, laputopu ili m'khwapa. Anaika laibulale ya pandas pogwiritsa ntchito pip, ndipo pip ananena kuti zatheka. Koma akayendetsa pulogalamu yawo, Python ankakana kuti pandas sakumudziwa. Anaika katatu konse.

Ndinalemba which -a python3. Lamulo la which limatsata kapepala ka PATH n'kukuuzani nyumba yoyamba imene dzinalo lapezeka. Mukawonjezera -a limatchula nyumba zonse. Panatuluka mizere iwiri: /usr/local/bin/python3 ndi /usr/bin/python3. Wachiwiriyo anabwera limodzi ndi Ubuntu, mtundu wa Linux umene unali pa laputopuyo. Woyambayo anamuika okha mwezi wathawo potsatira kanema wina, n'kuiwala. Akati pip, ankatuma wantchito wa Python wa Ubuntu. Akati python3, ankayankha ndi woika okha uja.

"Alamu, ndiwo mukugula n'kukasiya kwa mayi wamkulu, nsima mukukadyera kwa mayi wamng'ono. Ndiye mukudabwa kuti m'mbale muli mbee?"

Mkazi wanga, amene ndi mlongo wawo, anasuzumira kuchokera kukhitchini. "Mayi wamng'ono wake uti ameneyo?"

Kufotokoza fanizolo kunanditengera nthawi yaitali kuposa kukonza kompyuta. Kukonzako unali mzere umodzi, python3 -m pip install pandas, kutanthauza kuti Python amene adye ndiwoyo apite yekha kumsika. Ndinawakumbutsanso kuti kunali Python 2, amene anapumitsidwa ntchito pa 1 Januwale 2020, n'chifukwa chake pa Ubuntu 20.04 wongoikidwa kumene mukalemba python wopanda 3 palibe amene amavomera.

"Ohoo," anatero alamu. "Ndiye kuti analipo atatu."

Mkazi wanga anasuzumiranso.

Chiwindi m'thumba

Atangodziwana ndi which, mtsikana uja anamufunsa chilichonse. Analemba which ls, anayankhidwa /usr/bin/ls. Analemba which git, anayankhidwa. Kenako which cd. Zii. Anabwera chothamanga.

"Achimwene, cd kulibe! Koma ndakhala ndikuyenda naye kuyambira m'mawa!"

Vuto ndi lakuti which amadziwa zokhala m'mafoda zokha. Koma cd si fayilo, ndi chiwalo cha shell yeniyeniyo, ndipo chiwindi sitichifuna popisa m'matumba a buluku. Wodziwa za m'thupi ndi type. Mukalemba type cd amakuuzani kuti ndi wa m'kati. Amaululanso mayina obisalirako, amene timawatcha alias: pa Ubuntu, type ls amakuuzani kuti ls amene mumaitana tsiku ndi tsiku kwenikweni ndi ls --color=auto, n'chifukwa chake mayina a mafoda amatuluka abuluu. Olemba ma script amakonda command -v chifukwa lili m'muyezo wa POSIX, pamene which makina ena sabwera naye n'komwe. Palinso whereis, amene ali ngati munthu wa pamjigo: mukafunsa nyumba ya ls amakulozerani, n'kuwonjezera pamene pali buku lake la malangizo musanafunse.

Mtsikanayo anaganiza pang'ono, nalemba which which. Yankho linabwera: /usr/bin/which.

"Koma uyu ndiye sing'anga weniweni," anatero. "Amadziombeza yekha."

Pitani chipinda chachitatu

Abwana anafuna kudziwa kumene Java akukhala pa seva, chifukwa pulogalamu ya malipoti inkafuna adiresi yake. Ndinalemba which java, ndinapatsidwa /usr/bin/java. Nditayang'ana fayiloyo ndi ls -l, ndinapeza kamuvi koloza ku /etc/alternatives/java. Kumeneko kunali kamuvi kena, koloza ku /usr/lib/jvm/java-17-openjdk-amd64/bin/java. Abwana anali ataima kumbuyo kwanga, akugwedeza mutu.

"Zimenezi ndikuzidziwa," anatero. "Ndinapita ku ofesi ina kukatenga chikalata. Pawindo anati chipinda chachitatu. Chachitatu anati m'mwamba. M'mwamba anati mwini wake wapita kumaliro."

Timivi timeneti, timene dzina lake ndi symlink, ndi zikwangwani chabe. Debian ndi Ubuntu amaziika dala kuti munthu akhale ndi ma Java angapo n'kumasankha woti aziyankha, osagwetsa nyumba ya wina aliyense. Mukalemba readlink -f /usr/bin/java mumadumpha mawindo onse n'kufika kwa mwini wake.

Abwana anasolola cholembera m'thumba. "Tandilemberani mawu amenewo, a IT. Lolemba ndikubwerera ku ofesi ija."

Kalembera ndi kaundula

Chinthu chikakhala kuti sichili pa PATH, otsala ndi anthu awiri. Woyamba ndi find, amene amayenda ngati alembi a kalembera wa 2018 uja: khomo ndi khomo, mudzi wonse, wapansi. Mtsikana uja anamutuma kuyambira pa /, tsinde la mafoda onse. Sikirini inasefukira ndi "Permission denied", mizere ikuthamanga ngati nyerere zotayikira madzi, chifukwa makomo ambiri ndi a root, mwini makina, ndipo munthu wamba salowamo. Amayi otiphikira tiyi ataona, anaika thireyi pansi.

"Mwanawe, zimenezi ndinaziona mu filimu. Apolisi akabwera, ine sindikukudziwa."

Kuwonjezera 2>/dev/null kumapeto kumataya madandaulo onsewo kudzala losadzaza, n'kutsala mayankho okha.

Wachiwiri ndi locate. Ameneyu sayenda. Amangotsegula kaundula n'kuyankha nthawi yomweyo. Koma kaundulayo amalembedwa ndi updatedb, kawirikawiri kamodzi patsiku. Fayilo yobadwa m'mawa uno mulibe, yofufutidwa masana ikadalimo. Mnyamata wa ku akaunti anafufuta fayilo, locate n'kumaitchulabe. Anayesa kufufutanso, kompyuta ikuti palibe chofufuta. Anandiyang'ana maso ali tong'o.

"A IT, pa ntchito yanga ino mayina a anthu amene kulibe koma akadali m'kaundula timawadziwa. Amamangitsa amenewo."

Atibera

Foni inalira 11 koloko usiku. Anali alamu anga aja, akunong'ona.

"Alamu, atibera."

"Kunyumba? Ana ali bwino?"

"Ana ali bwino. M'kompyuta."

"Chasowa n'chiyani?"

"Zonse. Ndikati ls, kulibe. Ndikati nano, kulibe. Ngakhale sudo, alamu. Anyamula ndi sudo yemwe."

Ndinafunsa chimene anachita komaliza. Anati palibe. Aliyense wa IT amadziwa kuti a Palibe aononga makompyuta ambiri kuposa mphezi. Titakokanakokana zinadziwika. Anatsegula .bashrc, fayilo imene shell yotchedwa Bash imawerenga nthawi iliyonse mukatsegula terminal, sikirini yakuda ija, nalemba export PATH=/opt/chida/bin kuti chida chawo chatsopano chizipezeka. Anaiwala kamchira kamodzi kokha, :$PATH, kotanthauza kuti "pamodzi ndi zonse zakale zija". Ndiye kuti anang'amba kapepala konse ka mwana wotumidwa uja n'kumupatsa ka nyumba imodzi.

"Lembani echo $PATH."

Zinatheka, pakuti echo ndi cd zili m'thupi mwa shell, wakuba sangazinyamule. Panatuluka foda imodzi yokhayo, ili yokhayokha ngati mwana wamasiye.

"Tsopano lembani /usr/bin/ls."

Kunali chete. Kenako mawu anakwera, kunong'ona kuja kutaiwalika. "Abweza! Alamu, abweza!"

"Sanatenge kanthu. Katundu yense ali m'malo mwake. Wasokera ndi wotumidwa."

Mukapereka adiresi yonse, kuyambira pa / woyamba, shell siyang'ananso pa kapepala. Tinatsegula .bashrc ndi /usr/bin/nano, tinabwezera kamchira kaja, atatsegula terminal ina zonse zinali m'malo.

M'mawa mwake ndinamva kuti asanandiimbire anali atadzutsa kale mwana wawo wa Fomu 2 n'kumuzenga mlandu wa masewera a pa kompyuta. Mwanayo anapepesedwa ndi mandasi awiri. Mpaka lero akangoona bambo ake akutsegula .bashrc, amatuluka kukakhala kwa aneba kuti pakhale mboni.

Mlonda wa usiku

Mnzanga wina wa IT ku Blantyre analemba script yosunga makope a mafayilo a kuntchito kwawo. Akaiyendetsa yekha masana, imayenda myaa. Anaipereka kwa cron, mlonda wa m'makina amene amagwira ntchito pa nthawi imene mwamuikira, kuti izichitika 2 koloko usiku. M'mawa, kope palibe. Masana ayesa, zatheka. Usiku, palibe. Itatha sabata anayamba kuyang'ana cham'mbali mlonda weniweni wa pageti. Sabata yachiwiri wina anamulangiza kuti chinthu chogwira masana n'kumakana usiku sichifuna wa IT, chimafuna mapemphero.

Tinaika mzere umodzi mu script woti PATH izilembedwa mu fayilo nthawi imene cron akugwira ntchito. M'mawa tinapezamo /usr/bin:/bin, basi. Mlonda ameneyu amayenda ndi kapepala kake kakafupi, ndipo sawerenga .bashrc ya munthu. Chida chosungira makopecho chinali mu /usr/local/bin, kumene iye safikako. Tinalemba adiresi yonse ya chidacho, usiku womwewo kope linapezeka.

Mlonda wa pageti sanadziwe n'komwe kuti anali pamlandu. Anangodabwa kuti bwana uja wayambiranso kumupatsa moni.

Ndikubwera

Amayi ena a ku ofesi yoona za antchito, amene makina awo ndi a Windows, anatimva tikukambirana n'kunena kuti nawonso ayese. Mu Command Prompt analemba where notepad, anapatsidwa ma adiresi awiri, C:\Windows\System32\notepad.exe ndi C:\Windows\notepad.exe. Atasangalala anaitana anzawo kuti adzaone, koma ulendo uno anatsegula PowerShell. Analemba zomwezo. Zii. Anzawo aja anayang'anana.

Mu PowerShell, where ndi dzina lachidule la lamulo lina, Where-Object, losefa zinthu. Kumeneko wofuna adiresi alembe where.exe kapena Get-Command.

"Ndiye kuti liwu limodzi lomwelo, khomo ili litanthauza china, khomo linalo china?"

"Ndi momwemo, mayi."

"Ngati 'ndikubwera' wa amuna anga."

Kwa kanthawi chabe

Tsiku lake lomaliza, mtsikana uja anafunsa chifukwa chake pali /bin komanso /usr/bin. Ndinamuuza kuti Unix, kumene Linux anatengera khalidwe, anayambidwa ndi Ken Thompson ndi Dennis Ritchie ku Bell Labs, ku New Jersey, mu 1969. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pa makina a PDP-11, disiki yoyamba inawadzadzira. Madisiki ake anali oti nyimbo imodzi ya pa foni ya masiku ano ikanavuta kukwanamo. Anayamba kusunga mapulogalamu ena pa disiki yachiwiri, ya /usr, imene inali ya mafoda a anthu ogwiritsa ntchito makinawo. Zinali ngati nkhokwe yadzaza, mwaika matumba a chimanga m'chipinda cha anyamata kwa kanthawi chabe. Anyamatawo pambuyo pake anasamukira ku /home, chimanga chikadali momwemo. Mu 2012 Linux ya Fedora 17 inasamutsira zonse za mu /bin ku /usr/bin, ndipo Debian 12 ya 2023 imayendera dongosolo lomweli. Pa makina oterowo /bin, nyumba yoyambirira ija, yasanduka chikwangwani chongoloza kumene kunali kongosungirako.

Amayi a tiyi aja anali akutolera makapu. "Ndi mmene anabwerera malume a bambo a kunyumba," anatero. "Anati agona masiku awiri. Pano ndi amene amafunsa alendo kuti akufuna yani."

Choncho, owerenga, kompyuta ikakuuzani kuti "command not found", musathamangire kuika pulogalamuyo kachiwiri, chifukwa mitala ya alamu anga imayamba choncho. Funsani type kuti mudziwe ngati dzinalo ndi fayilo, chiwalo kapena alias. Funsani which -a kuti muwerenge a Phiri onse. Lembani echo $PATH muone nyumba zimene mwana akugogoda. Safunsa anadya phula. Zikakanikabe, itanani a IT, tibwera. Za ketulo zokhazo, yambani mwaona ngati pulagi ili pakhoma.